Zala Ziwiri za Django Reinhardt: Malangizo kwa Achinyamata Okonda Zoimba

Ana anga, inu amene mumagona ndi nyimbo m'mutu n'kudzuka nazo, senderani pafupi timvane. Masiku apitawa mnyamata wina wa kumpingo kwathu anabwera kunyumba nkhope ili yakugwa. Ndinkamudziwa ngati mwana wa dzanja labwino pa gitala, koma panali patatha miyezi osaoneka kokonzekera nyimbo za kwaya. Nditamufunsa chimene chamutsekereza, anayamba kundiwerengera zimene alibe. Gitala yake ndi yakale ndipo khosi lake linapindika, alibe chokuzira mawu, alibe ndalama ya ku situdiyo, alibe womugwira dzanja. Anawerenga mpaka zala za manja onse awiri zinatha. Ine maso anga anali pa zala zakezo, khumi, zonse zamoyo, ndipo mtima wanga unapita kwa munthu wina amene anagona kalekale kudziko la France. Munthuyo anatsala ndi zala ziwiri zokha zotsindikira bwino nsambo, koma mpaka lero oimba gitala a m'maiko onse akumuthamangirabe osamupeza. Dzina lake ndi Django Reinhardt. Zimene ndinauza mnyamata uja madzulo amenewo ndikuuzani inunso, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Django anabadwa pa 23 Januwale 1910 pamudzi wa Liberchies, m'dziko la Belgium, makolo ake ali paulendo. Anali a mtundu wa Aromani, anthu oyendayenda, a nthambi imene ku France amaitchula kuti Manouche. Nyumba yawo inali ngolo yamatabwa yokokedwa ndi kavalo, ndipo pamene ngoloyo yaima ndi pomwe panali kwawo. M'kaundula analembedwa kuti Jean, koma dzina limene abale ake ankamuitanira, la Django, ndi limene linamukakamira. Anakulira m'misasa ya kunja kwa mzinda wa Paris, malo amatope kumene kunkakhala amphawi ndi onse amene mzinda sunkawafuna m'kati. Aromani ankanyozedwa ku Ulaya konse. Apolisi ankawalondalonda, eni malo ankawapirikitsa, ndipo mwana wa mtundu umenewu ankayesedwa wakuba asanatsegule n'komwe pakamwa. Kusukulu Django sanakhalitseko. Anafika pokhala bambo asakudziwa kulemba dzina lake, ndipo nyimbo zolembedwa papepala sanaphunzire kuziwerenga moyo wake wonse.

Ali ndi zaka 12 anapatsidwa banjo ya nsambo zisanu ndi imodzi, yomangidwa ngati gitala. Sukulu ya zoimba analibe. Ankakhala duu pafupi ndi akuluakulu akamaimba, maso ali pa zala zawo, kenako n'kupita kukayeserera yekha zimene waona mpaka zitatuluka. Akadali mnyamata anayamba kudyera banjo yakeyo m'nyumba zovinira za anthu wamba ku Paris, zotchedwa bal-musette, kumene mfumu ya zoimbira inali akodiyoni. Ntchito ya mnyamata wa banjo inali yokhala kumbuyo, kusunga kagundidwe ka nyimbo usiku wonse kuti ovina asaphonye phazi. Kalelo zokuzira mawu kunalibe m'malo otere, choncho banjo inkakondedwa chifukwa mawu ake ndi akuthwa, amaboola phokoso la anthu. Kwa ife zimenezi si zachilendo. Tinakula tikuona anyamata akupanga mabanjo a zigubu za mafuta, nsambo zake za waya wa mabuleki a njinga, ndipo tinamva pa wailesi Allan Namoko, munthu wosaona wa ku Thyolo, akuliza banjo mpaka dziko lonse kumudziwa. Mu 1928 Django anajambula zimbale zake zoyamba akuperekeza oimba akodiyoni, ndipo pa chimodzi mwa zimbalezo dzina lake analilemba molakwika kuti Jiango Renard.

Taimani kaye pamenepa. Anthu akamasimba za Django amathamangira kumoto umene unamutentha, n'kuiwala zaka zisanu ndi chimodzi za banjo zimene zinatsogola. Chonsecho m'mera mpoyamba. Usiku uliwonse umene anakhala kumbuyo kwa akodiyoni ankanola khutu, ankalimbitsa mkono wamanja, ankaphunzira kumva kumene nyimbo ikulowera isanafikeko. Tsoka litabwera linapeza nkhokwe ili yodzaza. Inu amene mumanyinyirika mukauzidwa kuti muziimba makodi atatu okhaokha kumbuyo kwa kwaya, dziwani kuti ntchito imeneyo ndi imene ikukupangani. Amene sanaphunzire kuperekeza anzake sadzatha kuwatsogolera.

Chakumapeto kwa 1928, ali ndi zaka 18, zinthu zinali zitayamba kumuyendera. Jack Hylton, mtsogoleri wa bandi yotchuka ya ku Britain, anabwera kudzamumva ndipo anamulonjeza ntchito. Usiku wina Django anabwerera kungolo kwake kuchokera kokaimba. Mkazi wake, Bella, ankapanga maluwa ogulitsa ndi celluloid, pulasitiki wakale amene amayaka ngati petulo, ndipo ngoloyo inali yodzaza ndi maluwawo. Kandulo inagwera pamaluwa, ndipo m'kanthawi kochepa ngolo yonse inali lawilawi. Onse awiri anatuluka amoyo, koma Django anapsa koopsa, makamaka mwendo wamanja ndi dzanja lamanzere. Madokotala anaganiza zodula mwendowo. Iye anakana, ndipo patapita nthawi anayambanso kuyenda ndi ndodo. Mabalawo anamuvutitsa pafupifupi miyezi 18. Atapola, chala chovala mphete ndi kachala kotsiriza kudzanja lamanzere zinali zitakhwinyatira m'kati, zosathekanso kuwongoka.

Kwa inu amene simunagwirepo gitala, ndifotokoze kukula kwa tsoka limeneli. Dzanja lamanja limaliza nsambo, koma lamanzere ndi limene limasankha mawu. Zala zinayi zimatsindika nsambo pakhosi pa gitala, chala chachikulu chikuchirikiza kumbuyo. Aliyense wophunzitsa gitala amagawira zala zinayizo ntchito, chilichonse malo ake. Kuchotsapo ziwiri kuli ngati kupatsa mlimi munda womwe uja, koma khasu lake litathyoka mpini pakati. Omuona sankayembekeza kuti mnyamatayu angadzaimbenso. Koma mng'ono wake, Joseph, anamubweretsera gitala ali chigonere, ndipo m'miyezi yaitali ya ululu imeneyo Django anayambanso kuphunzira ngati mwana.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse. Django sanataye masiku kukakamiza zala zopuwala kuti zichite zimene zinkachita kale, ndiponso sanalimbane n'kutsanzira anthu a zala zinayi. Anayang'ana zimene moto unamusiyira: chala cha mkombaphala, chala chapakati, dzanja lamanja lamphumphu, ndi khutu. Pa zimenezo anamangapo njira yakeyake. Popeza zala ziwiri sizingafikire mawu onse dzanja lili pamalo amodzi, anaphunzira kuthamangitsa dzanja lonse kukwera ndi kutsika khosi la gitala. Nthawi zina ankatsetsereka ndi chala chimodzi pansambo imodzi, dzanja lamanja likugunda paliwiro lofanana ndendende, kotero kuti liwu lililonse linkamveka palokha ngati mikanda yotungidwa paulusi. Makodi akuluakulu ogwira nsambo zonse anawachepetsa, n'kupeza timakodi ta mawu atatu kapena anayi, ndipo zala zokhwinyata zija ankazigoneka pansambo zing'onozing'ono kuti nazonso zithandizeko pang'ono. Timakodi timeneti ndi timene tinapatsa nyimbo zake kakomedwe kogwira mtima kamene munthu akangomva amadziwiratu mwini wake. Katundu wotsala anasenza ndi dzanja lamanja, limene linkamenya nsambo mwamphamvu moti gitala yopanda magetsi inkamveka mpaka kumbuyo kwa holo.

Zimenezi mukhoza kuziona ndi maso anu. Pali kafilimu kakafupi kojambulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, komwe Django ndi anzake akuimba nyimbo yotchedwa J'attendrai, ndipo kamapezeka pa YouTube. Tsiku lina mukagula bandulo, kafunefuneni. Mukaone zala ziwirizo zikuyenda pakhosi pa gitala, zinazo zili chikhwinyatire pambali, kenako mukatseke maso n'kumvetsera ngati pali chimene chikuperewera. Mukapeza kuti palibe.

Makolo athu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chimene uli nacho lero ndicho chuma chako, ndipo chimene ukuyembekeza kudzapatsidwa sichinafike. Ndikudziwa kuti kusowa n'kowawa. Nsambo n'zodula, magetsi amathima nyimbo ili pakati, ndipo ambiri a inu mulibe amene angakulipirireni ngakhale ola limodzi la ku situdiyo. Sindikupeputsa zimenezo. Koma ndaona achinyamata ambiri akukalamba akudikira chida chabwino, pamene chida chimene anali nacho chikuchita dzimbiri pansi pa bedi. Munthu amene amadzuka n'kuwerenga zimene alibe amagona tsikulo asanagwire kanthu. Django akanati adikire kuti dzanja lake libwerere mwakale, bwenzi atafa akudikirabe, pakuti silinabwerere. Ndipo taonani chodabwitsa chake: njira imene anaipeza chifukwa cha kulumala ndi imene lero anthu a zala zonse amakhalira pansi zaka ndi zaka kuti aiphunzire.

Zala zikanakhala zopanda pake khutu likanakhala lotseka. Mu 1931, ali mumzinda wa Toulon kum'mwera kwa France, Django anakumana ndi Émile Savitry, katswiri wojambula zithunzi amene anali ndi galamafoni ndi zimbale za ku America. Kumeneko anamva Louis Armstrong akuliza lipenga, anamva bandi ya Duke Ellington, anamvanso Joe Venuti pa vayolini akuimba ndi Eddie Lang, munthu amene anatsegulira gitala njira m'nyimbo za jazi ku America. Amene analemba mbiri ya moyo wake amasimba kuti atamva Armstrong anagwira mutu n'kulira. Jazi ndi nyimbo imene inabadwira pakati pa anthu akuda a ku America, makamaka mumzinda wa New Orleans, ndipo mtima wake ndi uwu: oimba amagwirizana nyimbo ndi makodi ake, kenako aliyense amapatsidwa mpata wopeka zakezake pomwepo, osakonzekera, osatuluka m'makodiwo. Kwa munthu wosadziwa kuwerenga pepala koma wa khutu lakuthwa, nyimbo yotere inali ngati yomupangira iyeyo. Ana anga, masiku ano nyimbo za dziko lonse zili m'thumba mwanu, koma n'chapatali kuona wachinyamata atakhala pansi n'kumvetsera nyimbo imodzi kakhumi mpaka atadziwa chimene besi ikuchita. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Django anali ndi zimbale zowerengeka za mwini, koma anazimva ndi mtima wonse, ndipo zinasintha moyo wake.

Mu 1934 ankaimba m'bandi ya Louis Vola pa hotela ya Claridge ku Paris, kusangalatsa anthu olemera pa nthawi ya tiyi. M'bandi yomweyo munali Stéphane Grappelli, woimba vayolini. Pa nthawi yopuma awiriwa ankakhala kuseri n'kumaseweretsa nyimbo za jazi, wina kuyamba, wina kuyankha. Anthu a bungwe lokonda jazi la Hot Club de France atawamva anawalimbikitsa, ndipo panabadwa gulu lotchedwa Quintette du Hot Club de France. Munali anthu asanu: Django pa gitala yotsogolera, Grappelli pa vayolini, Joseph Reinhardt ndi Roger Chaput pa magitala apambuyo, ndi Louis Vola pa besi. Ng'oma munalibe, malipenga munalibe, piyano munalibe, zonse zinali za nsambo, chinthu chachilendo m'jazi ya nthawi imeneyo. Mu Disembala 1934 anajambula zimbale zawo zoyamba, kuphatikizapo Dinah ndi Tiger Rag, ndipo mu 1937 anajambula Minor Swing, nyimbo imene Django anapeka ndi Grappelli, imene mpaka lero aliyense wophunzira maimbidwe amenewa amayambira. Gitala imene inadziwika naye inali ya kampani ya Selmer ya ku Paris, yochokera pa luso la mmisiri wa ku Italy, Mario Maccaferri, gitala ya mawu okwera ndi owuma, yoyenerana ndi dzanja lake lamphamvu lija.

Mukamamvetsera zimbale zimenezi, khutu limathamangira kwa Django, koma ine ndikukupemphani kuti mumvetserenso kumbuyo. Mukamva magitala awiri akugunda mosalekeza, mofanana, osathamanga, osatsalira, ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi. Kagundidwe kameneka eni ake amakatchula kuti la pompe, kutanthauza pampu, ndipo ndi kamene kanalowa m'malo mwa ng'oma. Mmodzi wa oimba awiriwo ndi Joseph, yemwe uja anabweretsa gitala kwa mkulu wake ali chigonere. Zaka zambiri anakhala kumbuyo, kunyamula gitala ya mkulu wake, kusunga nsambo zapadera, ndipo nthawi zina kukhala pampando wake Django akapanda kubwera. Nayenso anali katswiri, koma dzina lake ndi ochepa amalidziwa. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo ngakhale zala ziwiri za Django sizikanauluka pakanapanda manja a anthu amenewa pansi pake. Mukadzakwera, musadzaiwale amene anakubwerekani gitala, amene anakuimbirani besi popanda malipiro, mayi amene anapirira phokoso lanu usiku. Ndipo ngati Mulungu anakupatsani malo a Joseph, agwireni ndi ulemu, pakuti nyimbo imaima pa inu.

Ubwenzi wa Django ndi Grappelli nawonso uli ndi phunziro. Grappelli anali munthu wamumzinda, wophunzira nyimbo kusukulu ya zoimba ya Paris, wosunga nthawi, wosamala ndalama. Django anali wakumsasa, wochita zimene mtima wamuuza. Ankakangana kawirikawiri, koma aliyense ankadziwa kuti mnzakeyo ali ndi chimene iye alibe, ndipo Grappelli ndi amene anamuphunzitsa kusaina dzina lake. Posakhalitsa akatswiri a ku America obwera ku Paris anayamba kumufunafuna. Coleman Hawkins, Benny Carter ndi Rex Stewart onse anajambula naye nyimbo. Sanamulemekeze chifukwa choti ankaimba ngati Mmereka. Anamulemekeza chifukwa mu jazi yawo anathiramo za kwawo: kulira kwa nyimbo za Aromani ndi kuzungulira kwa magule a m'nyumba zovinira za Paris. Iye ndiye anali woyamba wa ku Ulaya kubweza mphatso kwa eni jazi, iwo n'kuphunzirapo kanthu. Ndi zomwenso anachita Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene anatenga kwela ya kum'mwera kwa Africa n'kuiphika mwa kwathu mpaka kukaimba nayo ku Ulaya. Phunzirani za eni, ana anga, koma musafufute chilankhulo cha agogo anu m'zala zanu. Dziko silisowa munthu wachiwiri woimba ngati wa kunja. Limasowa inuyo.

Mu Sepitembala 1939 nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inawapeza ali ku Britain. Grappelli anatsala ku London, Django anabwerera ku Paris, ndipo chaka chotsatira mzindawo unagwa m'manja mwa asilikali a Hitler. Boma la Nazi linkadana ndi jazi, ponena kuti ndi nyimbo ya anthu akuda ndi Ayuda, ndipo linkasaka Aromani. Pomatha nkhondoyo Aromani oposa 200,000 anali ataphedwa ku Ulaya. Django anali Mromani woimba jazi, wolumala dzanja, pakati pa adani a zonsezo. Anapanga gulu latsopano, m'malo mwa vayolini n'kuikamo kilaneti ya Hubert Rostaing, ndipo mu 1940 anajambula Nuages, kutanthauza mitambo, nyimbo yodekha imene anthu a ku France anaikumbatira m'masiku awo a mdima. Kutchuka kwake kunamutchinjiriza, koma mantha sanamuchoke. Mu 1943 anayesa kuthawira ku Switzerland ndipo anabwezedwa pamalire. Anapulumuka nkhondoyo pamene anthu ambiri a mtundu wake anathera m'misasa yopherako anthu. Mukamva Nuages, kumbukirani kuti inapekedwa ndi munthu amene sankadziwa ngati kucha ali moyo.

Ndikanakhala wonama ndikanati ndilekere pomwepa, ngati kuti munthuyu analibe banga. Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho imvaninso mbali iyi. Django sankasunga pangano. Holo inkatha kudzaza, anthu atalipira, iye osaoneka, atapita kukawedza nsomba, kukasewera biliyadi, kapena atangokhala ndi abale ake kumsasa. Ndalama zambiri zimene ankalandira zinkathera pa juga, nthawi zina usiku umodzi. Anzake a m'gulu ndi amene ankatsala ndi manyazi pamaso pa anthu. Chakumapeto kwa 1946 mwayi waukulu wa moyo wake unafika: Duke Ellington anamuitana kuti akayende naye ku America. Django anakwera sitima yapamadzi wopanda gitala yake, poganiza kuti opanga magitala akamulandira ndi mphatso. Sizinatero, ndipo anaimba ndi gitala yamagetsi imene sanaizolowere. Anthu anamuombera m'manja m'mizinda imene anadutsa, koma pa usiku wachiwiri ku Carnegie Hall, holo yolemekezeka ya ku New York, anafika mochedwa kwambiri, mwambo uli pafupi kutha. Kumayambiriro kwa 1947 anabwerera ku France wokhumudwa, maloto ake a ku America asanakwaniritsidwe.

Ndimamukonda munthuyu, n'chifukwa chake mbali imeneyi imandipweteka. Amene anagonjetsa moto analephera kugonjetsa wotchi. Ana anga, mphatso imakutsegulirani khomo kamodzi, koma chimene chimakusungani m'nyumbamo ndi khalidwe. Ndaona anyamata aluso kwambiri akusiyidwa, ntchito n'kupatsidwa kwa wa luso lochepa, chifukwa chakuti wochepayo amafika pa nthawi, ali bwinobwino, chida chake chili m'manja. Mukaitanidwa kukaimba paukwati, fikani mkwati asanafike. Chida chanu muzinyamula nokha, musamadalire kuti mukabwereka komweko. Mukalandira ndalama, gulani kaye nsambo ndi ufa, ndipo juga ya pafoni imene yagwira achinyamata ambiri masiku ano muithawe ngati moto wa m'ngolo uja. Django anakhululukidwa zambiri chifukwa panalibe wina wonga iye. Musayembekeze kuti dziko lidzakukhululukirani chimodzimodzi.

Koma pali chinthu chimodzi chimene sanachitaye mpaka mapeto, ndicho mtima wophunzira. Nkhondo itatha, jazi inasintha. Charlie Parker ndi Dizzy Gillespie anabweretsa maimbidwe atsopano otchedwa bebop, othamanga ndi a makodi ovuta, ndipo ena anayamba kuona Django ngati wachikale. Panali nthawi imene gitala ankaigwira mwa apo ndi apo, n'kumajambula zithunzi ndi penti. Kenako anadzukanso. Mu 1949 anajambula nyimbo zambiri ndi Grappelli ku Rome, komwe kunali kujambula kwawo komaliza ali limodzi. Mu 1951 anayamba kuimba ku Club Saint-Germain ku Paris ndi anyamata a bebop, ena ang'ono kwa iye ndi zaka zambiri, gitala yake ataimangirira chokuzira mawu cha magetsi. Munthu amene dziko linali litamutcha kale mfumu sanachite manyazi kumvetsera ana. Chaka chomwecho anakhazikika m'mudzi wa Samois-sur-Seine, m'mphepete mwa mtsinje wa Seine, ndi mkazi wake wachiwiri Naguine ndi mwana wawo Babik, amene nayenso anadzakhala woimba gitala. Zimbale zimene anajambula kumayambiriro kwa 1953 zimamveka ngati za munthu amene akuyamba ulendo watsopano. Pa 16 Meyi 1953 mtsempha wa magazi unaphulika m'mutu mwake, ndipo anamwalira ku Fontainebleau ali ndi zaka 43 zokha.

Anagona, koma zala zake zikugwirabe ntchito. John Lewis wa gulu la Modern Jazz Quartet anapeka nyimbo yomulira n'kuitcha Django, ndipo inakhala imodzi mwa nyimbo zodziwika za jazi. Chaka ndi chaka kudera limene anamwalirira kumachitika chikondwerero cha nyimbo cha dzina lake, ndipo mabanja a Manouche akuphunzitsabe ana awo maimbidwe ake monga momwe iye anaphunzirira, poyang'ana zala ndi kumvetsera. Ku Birmingham, m'dziko la England, mnyamata wa zaka 17 dzina lake Tony Iommi anadulidwa nsonga za zala ziwiri ndi makina a m'fakitale, n'kuganiza kuti za gitala zathera pomwepo. Mkulu wa kuntchito kwake anamubweretsera chimbale cha Django n'kumuuza za dzanja la woimbayo. Mnyamatayo anadzipangira tizisoti ta pulasitiki tovala kunsonga za zala, anayambiranso, ndipo anadzakhala woimba gitala wa gulu la Black Sabbath, lodziwika padziko lonse. Django sanamudziwe mnyamata ameneyu. Kupirira kwa munthu kumakadzutsa anthu amene iye sadzawaona.

Mnyamata wa kumpingo uja nditamusimbira zonsezi anakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana manja ake. Sindinamupatse ndalama, pakuti ndinalibe. Ndinangomuuza kuti apite nayo gitala yakeyo kwa kalipentala akaone za khosi lopindikalo, ndipo Loweruka abwere nayo kokonzekera nyimbo, ngakhale itakhala ndi nsambo zinayi.

Mawu omwewo ndikusiyirani inu nonse, kaya dzanja lanu lili pa gitala, pa makina osokera, pa khasu kapena pa cholembera. Moyo udzakutenthani penapake, pakuti palibe amene amadutsa osapsa. Ena mwataya kale makolo, ena sukulu inakuthawani chifukwa cha fizi, ena thupi lili ndi chilema chimene simunachisankhe. Lirani, pakuti kulira si tchimo. Mukatha kulira, tambasulani manja muwerenge zimene zatsala, ndipo muyambire pomwepo. Tcherani khutu kwa amene anakutsogolerani, lemekezani amene akukuchirikizani kumbuyo, sungani pangano ndi nthawi, ndipo musaleke kuphunzira ngakhale imvi zitamera. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ana anga, tulutsani gitala ija pansi pa bedi, ipukuteni fumbi, muimange nsambo, ndipo muyambe lero lomwe.